Kalavani yaing'ono: tinyamule zingati kuti ulendo ukome koma galimoto isalemedwe?

Woyamba Kumene

Moni nonse a pa gulu lino. Ine ndi amuna anga tagula kalavani yaing'ono (ngolo yogonamo yokokedwa ndi galimoto) yogona anthu awiri, ndipo tikukonzekera kumayenda nayo maulendo ataliatali ogona m'malo osiyanasiyana. Pakhomo pano pabuka kusiyana maganizo komwe ndikufuna kuti mutithandize. Amuna anga akuti chokoma cha kalavani yaing'ono ndi kupepuka kwake, choncho tingotenga zofunda, mapoto awiri ndi zovala, basi tizinyamuka. Ine ndikuti munthu sachoka pakhomo kuti akavutike, ndipo ndikufuna khonde la lona, chimbudzi chonyamula, firiji yabwino, mipando yokhalira panja ndi matiresi ena oyala pamwamba pa bedi. Inu amene mwayenda nawo makalavani kwa nthawi yaitali, malire mumaika pati?

Mkoka Ngolo

Takulandirani mayi. Musanapitirize mkangano ndi bambo a kunyumbako, ndikupempheni kuti mukayang'ane kachitsulo kolembedwa manambala kamene kamakhomedwa pafupi ndi chitseko cha kalavani, chifukwa gawo lalikulu la mlandu wanuwu linaweruzidwa kale ndi amene anaipanga. Pa makalavani ambiri opangidwa ku Ulaya mumapeza manambala awiri ofunika. Nambala ya MTPLM ndi kulemera komwe kalavani siyenera kupitirira ikapakiridwa zonse, pomwe ya MiRO ndi kulemera kwake musanaikemo katundu wanu. Mukachotsera yachiwiriyo pa yoyamba, chotsalacho ndiye katundu yense amene mwaloledwa kunyamula.

Tiyerekeze kuti yanu yalembedwa makilogalamu 1,000 ndi 850, ndiye kuti muli ndi makilogalamu 150 okha. Batire la mtovu la 100Ah (Ah ndi muyeso wa magetsi amene batire limasunga) limalemera pafupifupi makilogalamu 25. Khonde lalikulu la lona, pamodzi ndi mapaipi ndi zikhomo zake, limatha kupitirira 30. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, choncho chigubu cha malita 40 mukachinyamula chodzaza chimadya 40 pachokha. Apa mwatsala ndi 55, musanaikemo poto, nsapato kapena bulangete ngakhale limodzi. Muwerengenso buku la kalavani yanu, chifukwa makampani amasiyana pa zimene amaziphatikiza mu MiRO, makamaka pa nkhani ya gasi ndi madzi.

Katundu Pang'ono

Ine ndili mbali ya bambo, ndipo a Mkoka Ngolo angotchula theka la chifukwa chake. Kupatula kulemera, chinthu chilichonse chimene mwanyamula chimadya nthawi: chimafuna kutsitsidwa, kumangidwa, kupukutidwa, kuumitsidwa ndi kupakiridwanso. Munthu amene waima malo amodzi kwa masabata awiri angathe kumanga khonde lalikulu n'kulidyerera, pakuti ntchito yomanga ndi yophwasula imaiwalika m'masiku onsewo. Koma inu mayi mwati mukufuna kumayenda, lero kugona pano, mkuja kwina. Taganizirani m'mawa wonyamuka mvula itagwa usiku wonse. Lona lija mumalipinda lili chonyowa, limagona pansi pakati pa kalavani tsiku lonse, ndipo madzulo mukafika, musanaphike n'komwe, muyenera kulitambasula kuti lisachite chuku. Ulendo wotere umasanduka ntchito yosamalira katundu.

Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Zinthu zogulitsira eni makalavani zilipo zambiri ndipo chilichonse pachokha chimaoneka chaching'ono ndi chothandiza, koma zikaunjikana m'kachipinda ka mamita atatu kapena anayi, mumapezeka kuti kuti mufike pa ketulo muyenera kuyamba mwasuntha mipando iwiri ndi bokosi la nsapato.

Agogo Apaulendo

Bambo Katundu Pang'ono, zambiri mwanena zoona, koma mundilole nditsutse pa chinthu chimodzi chimene mwana wangayu watchula kumapeto, chomwe ndi matiresi. Pa bedi sipochepetsera katundu. M'makalavani ang'onoang'ono ambiri bedi limapangidwa usiku uliwonse: mumatsitsa tebulo kapena kusolola timatabwa pakati pa mipando iwiri, kenako n'kuyala makushoni amene munakhalira masana. Makushoni amenewo anasokedwa kuti akhale okhalira, kutsogolo kwake kumakhala kotukuka kuti kuchirikize mawondo, ndipo mukawayala pamatsala mizere yolumikizira imene imakumana ndi chiuno chenicheni. Usiku woyamba munthu amapirira. Usiku wachitatu amadzuka msana uli gwa, amakwiya ndi zinthu zazing'ono, ndipo ndi yemweyo amene akagwire chiwongolero akukoka ngolo kumbuyo.

Choncho kamatiresi kopyapyala ka masentimita 5 koyala pamwamba ine ndimakaika patsogolo pa china chilichonse, ngakhale kuti masana kamavuta posungira. Ena amene ali awiri okha amangosiya bedi choyala ulendo wonse n'kumadyera panja kapena pa katebulo kena, ndipo sindiwaimba mlandu. Pilo musagule wapadera wa paulendo, tengani yemweyo amene mumagonera kunyumba. Ndionjezere kuti m'mawa muzitukula matiresi kwa kanthawi kuti pansi pake padutse mphepo, chifukwa thupi likamafunditsa pamwamba pomwe thabwa la pansi likuzizira, chinyezi chimasonkhana pakatipo ndipo chuku chimayambira pomwepo musanachione.

Katundu Pang'ono

Agogo, pa bedi ndagonja. Kamatiresiko kapite nawo. Koma chimbudzi sindikuchivomerabe, pakuti malo ambiri oimikapo makalavani ali ndi zimbudzi ndi mabafa awo, ndipo sindikuona chifukwa chonyamulira china m'kachipinda komwe mumagonamo ndi kuphikiramo.

Make Awiri

Achimwene, zikuoneka kuti simunayambe mwadzutsidwa pakati pa usiku ndi mwana amene sangathe kudikira, kunja mvula ikukhuthuka, chimbudzi cha pa malopo chili kutsidya kwa bwalo. Ife timayenda ndi ana, ndipo chimbudzi chonyamula ndi chimene chimatilola kugona mtima uli m'malo. Ngakhale kwa anthu awiri akuluakulu, funso n'lakuti kodi pali amene amadzuka usiku kapena ayi, komanso kodi mukufuna kumaima m'malo opanda zipangizo zilizonse kapena muzingoyenda m'makampu okonzedwa bwino. Amene akufuna malo achete, akutali ndi anthu ambiri, alibe kuchitira mwina koma kuchinyamula.

Chimene ndingachenjeze achemwali athuwa ndi chakuti asanagule agwirizane ndi bambo kuti wokataya azikhala ndani, chifukwa ntchito imeneyi siichedwa kuyambitsa mkangano. Thanki ya pansi ya zimbudzi zamtundu wa Porta Potti imalowa malita pakati pa 10 ndi 21 malinga ndi kukula kwake, ndipo ikadzaza mumainyamula ndi manja kukafika pa malo otayira omwe anakonzedwera zimenezi, osati m'ngalande ya madzi a mvula kapena patchire. Ife tinapangana kuti masana aliyense azipita ku chimbudzi cha pa kampu, cha m'kalavani chikhale cha usiku wokha, ndipo sitinyamuka nacho chodzaza.

Bafa la m'kati lokha ndilo ndimagwirizana ndi a Katundu Pang'ono kuti silofunika m'kalavani yaing'ono. Limamaliza madzi msanga, limasiya makoma onyowa, ndipo ambiri amene ali nalo amangosungiramo majekete ndi maambulera.

Wamagetsi

Pa nkhani ya firiji, mayi Woyamba Kumene, yambani mwadziwa mtundu umene uli kale m'kalavani yanu. Pali firiji yosalira, imene imatha kuyendera gasi, magetsi a 230V a pa kampu, kapena 12V ya galimoto pamene mukuyenda. Ubwino wake ndi wakuti sisokosa usiku ndipo pa gasi imakhalitsa, koma imafuna kuti kalavani iime mowongoka bwino, imatenga nthawi kuti izizire, ndipo kunja kukatentha kwambiri imafooka. Pa 12V imakoka magetsi ambiri moti simungaidalire pa batire la kalavani injini itazima. Mtundu winawo ndi wa kompuresa, wonga firiji ya kunyumba: imazizira msanga, sisamala kwenikweni za kupendekeka, ndipo imatha kukhalira batire ndi sola, koma imalira pang'ono ikamayaka ndi kuzima, chomwe ena ogona pafupi nayo sachikonda.

Za batire, masamu ake ndi osavuta. Batire la 100Ah pa 12V limasunga pafupifupi 1,200Wh, koma la mtovu mukamalitsitsa kupitirira theka kawirikawiri limafa msanga, choncho muwerengere 600Wh zokha. La lithiamu, lija amalilemba LiFePO4, limalemera pafupifupi theka la lamtovu ndipo mungagwiritse ntchito gawo lalikulu la magetsi ake, ndiye ndi malo amodzi omwe kupepuka ndi mtendere zimayendera limodzi. Komabe siliyenera kutchajidwa kukazizira mpaka pansi pa madigiri 0, ndipo muyenera kutsimikiza kuti tchaja ya m'kalavani yanu ikugwirizana nalo.

Chimene chimakhumudwitsa oyamba ambiri ndi magetsi a pa kampu. Makampu ena amapereka 16A, ena 10A, ena 6A yokha (A ndi muyeso wa magetsi amene mungakoke nthawi imodzi). Mukachulukitsa 6 ndi 230 mumapeza mawati 1,380, pomwe ketulo ya kunyumba imakoka pakati pa 2,000 ndi 3,000. Mukangoiyatsa, swichi ya pa mzati imagwa, ndipo nthawi zina mwiniwake wa malo ndiye amasunga kiyi wa bokosilo. Ketulo yoika pa moto wa gasi imathetsa nkhani yonseyi, kapena mugule yamagetsi yaing'ono yosapitirira mawati 1,000. Choumitsira tsitsi, ayironi ndi maikulowevu zisiyeni kunyumba.

Woyamba Kumene

Zikomo kwambiri nonse. Amuna anga akuwerenga nane limodzi ndipo asekerera pomva za maikulowevu, chifukwa inalinso pa mndandanda wanga ngakhale sindinaitchule. Ndili ndi funso lina. Kalavani yathu ili ndi hita ya gasi yomangiramo, koma iwo akuti tisamavutike nayo, kukazizira tizingoyatsa mbaula ya gasi yophikira kwa kanthawi ndi kutseka timabowo tolowetsa mphepo tomwe tili pansi ndi padenga. Kodi zimenezi n'zoyenera?

Mkoka Ngolo

Ayi ndithu mayi, ndipo apa ndikupempha bambo amve bwino, chifukwa nkhaniyi yachoka pa kukoma kwa ulendo, yafika pa moyo. Moto uliwonse woyaka m'kachipinda kotsekeka umamaliza mpweya wabwino, ndipo ukayamba kuyaka mosakwanira umatulutsa mpweya wa poizoni wa carbon monoxide, womwe suoneka ndipo sununkha. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire ndi tulo, n'kumaganiza kuti ndi kutopa kwa paulendo. Hita yomangiramo inapangidwa kuti utsi wake uzitulukira kunja kudzera m'paipi yake, pomwe moto wophikira umathira zonse m'chipinda momwemo. Mbaula ya makala ndiye isalowe m'kalavani kapena m'khonde la lona ngakhale itaoneka ngati yazima, popeza makala amapitiriza kutulutsa mpweyawu pamene akuzirala. Alamu ya carbon monoxide ndi kanthu kokwana m'dzanja, ndipo palibe amene angakane kuinyamula ponena kuti akuchepetsa katundu.

Timabowo ta pansi musatitseke. Gasi wophikira ndi wolemera kuposa mpweya, choncho akamadontha penapake amatsikira pansi, ndipo timabowo timeneto ndi njira yake yotulukira.

Wamagetsi

Ndionjezere pa zimene anena a Mkoka Ngolo kuti moto wophikira umabweretsanso chinyezi. Kilogalamu imodzi ya gasi wa mtundu wa propane ikapsa imatulutsa madzi opitirira pang'ono kilogalamu imodzi ndi theka ngati nthunzi. Onjezerani mpweya umene anthu awiri amapuma usiku wonse, matawulo onyowa ndi poto wowira, ndiye m'mawa mupeza madzi akuyenderera pa mazenera ndi m'makona a makabati. Kalavani yaing'ono imafunda msanga, zomwe ndi zabwino, komanso imanyowa msanga pa chifukwa chomwecho cha kuchepa kwa malo. Zenera la padenga likhale lotsegula pang'ono ngakhale kukuzizira, pophika muzivundikira poto, ndipo zonyowa ziyanikidwe panja kapena m'galimoto. Chinyezi chikalowa m'makoma chimaoletsa matabwa a m'kati mwakachetechete, ndipo ndicho chimapha makalavani ambiri akale.

Ngati mudzayende m'nyengo yozizira kwambiri, sankhani gasi wa propane osati wa butane. Butane amasiya kusanduka mpweya kuzizira kukafika pafupi ndi madigiri 0, moti silinda imatha kukhala yodzaza koma moto osayaka, pomwe propane amagwirabe ntchito mpaka pafupifupi madigiri 42 pansi pa 0.

Agogo Apaulendo

Mkangano wa m'banja mwanuwu, mwana wanga, ndi wakale ngati kalavani yomwe. Kalavani imene imatchulidwa kuti ndi yoyamba kupangidwira maulendo osangalala, yotchedwa The Wanderer, inamangidwa ku Bristol m'dziko la England ndipo inayamba kuyenda mu 1885. Mwini wake, dokotala William Gordon Stables, ankaikoketsa ndi akavalo awiri, ndipo ankayenda ndi woyendetsa akavalowo komanso wantchito womutumikira. Ameneyo sanadzimane kanthu, koma anali ndi anthu omugwirira ntchito imene inu mudzagwire nokha. Mbali inayi, ku America m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940 kunatchuka timakalavani tooneka ngati dontho la madzi, momwe muli bedi lokha, munthu sangaimirire, ndipo khitchini imatsegukira kumbuyo panja. Ndiye kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ku Germany, Erich Bachem ndi Erwin Hymer anayambitsa makalavani a Eriba, omwe amadziwika ndi denga lotukula: pa msewu imakhala yaifupi kuti isalimbane ndi mphepo, mukafika mumakankha denga m'mwamba n'kuimirira bwinobwino. Ine maganizo a denga limenelo ndi amene ndimawatsata posankha katundu, kufuna zinthu zimene zimachepa poyenda koma n'kupereka mpata mukaima.

Katundu Pang'ono

Agogo atikumbutsa mfundo yabwino, kuti wantchito uja kulibe. Muyeso wanga ndi uwu: chinthu chimene ndimachigwiritsa ntchito tsiku lililonse chikhale chabwino kwambiri, chimene ndimachinyamula ponena kuti mwina chidzafunika chitsale, kupatula zida za chitetezo monga chozimira moto, bokosi la mankhwala, tayala lapadera ndi jeke. Mipando iwiri yokhalira panja ndikuvomereza, ndipo isakhale yotchipa yopweteka msana, chifukwa mwini kalavani yaing'ono amakhala panja nthawi yambiri. Koma tebulo lachiwiri, mbale za alendo amene sanaitanidwe, ndi mapoto asanu pa mbaula ya malo awiri ophikira, zimenezo ayi.

Make Awiri

Pa zovala ndi pomwe anthu ambiri timalemedwa osadziwa. Ndi bwino kunyamula za masiku ochepa zimene zimauma msanga n'kumachapa m'njira, kusiyana ndi kudzaza makabati a m'mwamba, omwe sayenera n'komwe kusenza zolemera. Madzinso ife sitiyenda nawo ambiri. Timanyamula akumwa a pa msewu okha, chigubu chachikulu chimayenda chopanda kanthu, ndipo timatunga tikafika. Pokhapokha ngati tikudziwa kuti kumene tikupita kulibe mpopi ndi pomwe timadzaza, ndipo zigubuzo zimakwera m'galimoto.

Mkoka Ngolo

Mayi Make Awiri atsegula nkhani imene ndimafuna kufikapo, yakuti kuchuluka kwa katundu ndi funso limodzi, pomwe mwamuika ndi funso lina. Zolemera zikhale pansi penipeni, pamwamba pa ekiselo pomwe pali matayala, ndipo zimangidwe kuti zisaseseleke. Zopepuka monga zofunda ndi zimene zimapita m'mwamba. Mukaunjika zolemera kumbuyo, mphuno ya kalavani imapepuka, ndipo pa liwiro lalikulu, makamaka potsetsereka kapena lole ikamakudutsani, ngolo imayamba kupepeluka uku ndi uku mpaka kugwedeza galimoto. Zikatero musaponde mabuleki mwamphamvu ndipo musaonjeze moto. Chotsani phazi pang'onopang'ono, gwirani chiwongolero mowongoka, liwiro litsike lokha.

Kulemera kotsamira pa chitsulo chokokera kumalangizidwa kukhala pakati pa magawo 5 ndi 7 pa 100 alionse a kulemera kwa kalavani yopakira, bola kusapitirire malire amene opanga galimoto ndi opanga chokokeracho analemba. Pa kalavani ya makilogalamu 1,000 ndiye kuti 50 mpaka 70. Mungayeze ndi sikelo ya m'bafa: ikani thabwa pa sikelo, imikani mtengo wolimba pakati pa thabwalo ndi pokolekera, pa msinkhu womwewo umene kalavani imakhala ikakoledwa ku galimoto, pamalo athyathyathya, matayala atatsekerezedwa ndipo miyendo ya m'makona itakwezedwa.

Mabungwe awiri akuluakulu a eni makalavani a ku Britain, Caravan and Motorhome Club ndi Camping and Caravanning Club, amalangizanso oyamba kumene kuti kalavani yopakira isapitirire magawo 85 pa 100 a kulemera kwa galimoto yopanda katundu. Limeneli si lamulo la boma koma langizo chabe, ndipo malamulo a laisensi, mabuleki a ngolo ndi liwiro amasiyana dziko ndi dziko, choncho mufufuze a kumene mukayende. Kusamutsira katundu m'galimoto kumathandiza, komabe galimotonso ili ndi malire ake, ndipo kulemera kotsamira pa chokokera kuja kumawerengedwa ngati katundu wa galimotoyo.

Wamagetsi

Popeza kalavaniyo mwina ndi yogwirako ntchito, muyang'anenso zaka za matayala. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi omaliza pa mzere woyamba ndi zilembo za DOT: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene linapangidwa, moti 2319 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Matayala a kalavani sakutha mapazi msanga chifukwa amakhala choima nthawi yaitali, koma mphira amakalamba ndi kung'ambika, ndipo langizo lofala ndi lakuti asinthidwe akakwana zaka zisanu, osapitirira zisanu ndi ziwiri. Tayala lokalamba ndi ngolo yolemedwa zikakumana tsiku lotentha, limaphulika.

Woyamba Kumene

Takhala pansi ndi amuna anga ndipo mndandanda wasintha. Kamatiresi, mapilo a kunyumba, mipando iwiri yabwino, chimbudzi cha usiku ndi alamu zikupita. Maikulowevu yatsala, ndipo firiji tiyamba tayesa imene ilimo tisanagule ina. Tagwirizananso kuti tikapakira zonse tidutsire pa sikelo ya magalimoto kuti tidziwe kulemera kwenikweni. Chimene sitinamvanebe ndi khonde. Ine ndikuopa kuti mvula ikagwa tsiku lonse tidzakhala tikupondana m'katimo, opanda poika nsapato zamatope ndi majekete onyowa.

Agogo Apaulendo

Mantha anuwo ndi oona, ndipo tsiku la mvula ndi limene limayesa kalavani yaing'ono ndi banja lomwe. Koma pakati pa khonde lalikulu la makoma atatu ndi kusakhala ndi kanthu pali njira ina. Pali denga la lona lopanda makoma, limene mumangolisolola m'kanjira ka chitsulo ka m'mbali mwa kalavani n'kuliimika ndi mapaipi awiri kapena atatu. Limalemera makilogalamu ochepa, munthu mmodzi amalimanga pa mphindi zowerengeka, ndipo likanyowa limauma msanga. Pansi pake mumaika mipando, bokosi la pulasitiki lotseka losungiramo nsapato, ndi kachingwe koyanikira. Yambani ndi limenelo, ndipo khonde lalikulu mudzaligule pokhapokha mukadzaona kuti mwayamba kukhalitsa malo amodzi.

Katundu Pang'ono

Limenelo nanenso ndili nalo, choncho sindingalitsutse. Poliimika, paipi imodzi ikhale yaifupi kuposa inzake kuti madzi a mvula azitsikira mbali imodzi m'malo modikha pakati, chifukwa akadikha amalemera mpaka kupinda mapaipi. Ndipo bambo akumbukire kuti denga lopanda makoma limakola mphepo kwambiri. Mukaona kuti madzulo mphepo yayamba kulimba, litsitseni musanagone, pakuti likazuka usiku mapaipi ake amakwapula khoma la kalavani, ndipo khoma la aluminiyamu likabonyoka siliwongokanso.